Mafunso ndi Mayankho: ICON A5, Kandege Kotera Pamadzi ndi Pamtunda Pomwe

Anthu akaona kanema wa kandege kakunyamuka panyanja kenako n'kukatera pabwalo la ndege ndi matayala, mafunso amene amabwera ndi omwewomwewo. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kufatsa. Tasankha ndege imodzi, ICON A5 ya ku America, chifukwa mbiri ya kapangidwe kake ndi yodziwika, zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo pafupifupi vuto lililonse limene wopanga ndege ya mtunduwu amalimbana nalo limaonekera pa iyo.

Kodi ndege yotera pamadzi ndi pamtunda imasiyana bwanji ndi ndege zina zapamadzi?

Ndege zapamadzi zilipo mitundu iwiri ikuluikulu. Wina ndi wa ndege wamba imene aichotsa matayala n'kuikhazika pa timaboti tiwiri tatitali, moti thupi lake silikhudza madzi. Wina ndi wa ndege imene mimba yake yeniyeniyo ndiyo boti, imayandama ngati bakha. Iliyonse mwa ziwirizi ikapatsidwa matayala otha kutuluka ndi kubisika, imasanduka yotera konsekonse. A5 ndi ya mimba ya boti.

Nzeruyi si yatsopano. Henri Fabre wa ku France ndiye anayamba kunyamuka pamadzi ndi ndege ya injini, pa 28 Malichi 1910 pafupi ndi Marseille, ndipo chaka chotsatira Glenn Curtiss ku America anali ataika kale matayala pa ndege yake yapamadzi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, kampani ya Republic inapanga ndege za Seabee zoposa 1,000 mu 1946 ndi 1947, poganiza kuti anthu ambiri, makamaka asilikali obwerera kwawo, azigula ndege ngati galimoto. Msika sunakule monga ankayembekezera. Maloto omwewo anadzabweranso ndi A5 patapita zaka 60.

Nanga A5 ndi yaikulu bwanji, ndipo imathamanga motani?

Imakwera anthu awiri okhala mogundana mapewa. M'litali ndi mamita 7, ndipo mapiko akatambasulidwa amatenga mamita 10.6. Injini yake ndi Rotax 912 iS yopangidwa ku Austria, ya masilinda anayi ndi mphamvu ya mahatchi 100, ndipo imamwa petulo wabwino wa galimoto kapena mafuta a ndege. Thanki imalowa malita 76. Ikathamangitsitsa imafika pa makilomita 176 pa ola, ndipo kampani imati mafuta odzaza thanki amakwana ulendo wa makilomita pafupifupi 790.

Si ndege ya ulendo wautali kapena yonyamula katundu. Inapangidwira kusangalala basi, ndipo mawindo ake a m'mbali amachotsedwa kuti munthu aziuluka mkono uli panja.

Anaiyambitsa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani inabwera nthawi imeneyo?

Chinatsegula khomo ndi lamulo. Mu 2004 bungwe loona za ndege ku America, la FAA, linakhazikitsa gulu latsopano la ndege zopepuka zamasewera. Ndege ya m'gululi inkayenera kukhala ya mipando iwiri, injini imodzi, liwiro losaposa makilomita 222 pa ola, ndiponso kulemera kosaposa makilogalamu 600 ngati ili yapamtunda kapena 650 ngati ili yapamadzi. Wopanga ndege yotere sankadutsa m'njira yaitali ndi yodula imene ndege zina zimadutsamo kuti zivomerezedwe. Chiphaso chatsopano choyendetsera ndegezi chinkafuna maola 20 okha a maphunziro a m'mlengalenga, theka la maola a chiphaso cha nthawi zonse.

Kirk Hawkins, amene kale ankayendetsa ndege zankhondo za F-16, anaona mwayi pamenepo. Iye ndi Steen Strand, katswiri wokonza maonekedwe a zinthu zogulitsa, anakhazikitsa kampani ya ICON Aircraft mu 2006 ku California. Sankasaka oyendetsa ndege akale ayi. Ankafuna munthu amene ali kale ndi boti lothamanga kapena njinga yamoto yodula, amene sanalotepo zoyendetsa ndege. N'chifukwa chake m'kati mwake mumaoneka ngati m'galimoto, ndi mageji ochepa osavuta kuwerenga. Mainjiniya akuluakulu anawatenga ku Scaled Composites, kampani ya Burt Rutan, katswiri wotchuka wopanga ndege, ndipo mmodzi wa iwo anali Jon Karkow, amene anatsogolera ntchito yopanga GlobalFlyer, ndege imene inazungulira dziko lonse osatera mu 2005.

Mfundo yoti ogula ambiri adzakhala anthu atsopano pa zouluka muisunge, chifukwa ndiyo ikufotokoza zambiri zimene zili m'munsimu.

Ngati inauluka koyamba mu 2008, bwanji yoyamba inaperekedwa mu 2015?

Yoyesera inauluka mu Julaye 2008. Yoyamba yopangidwa ndi zipangizo za kufakitale inauluka mu Julaye 2014, ndipo mu Julaye 2015, pachionetsero chachikulu cha ndege ku Oshkosh m'dziko la America, kampani inapereka ndege yoyamba ku pulogalamu ya Young Eagles imene imakweza ana m'ndege kuti aphunzire.

Zaka za pakatipo zinapita pa zinthu zitatu. Anasintha phiko lonse kuti ndege isamagwe mozungulira, kusinthako kunabweretsa vuto la kulemera lofuna chilolezo chapadera, ndipo panali ntchito imene anthu ambiri saiwerengera: kusandutsa ndege imodzi yopangidwa pamanja kukhala chinthu choti fakitale izitulutsa mofanana tsiku ndi tsiku. Kupanga ndege imodzi youluka bwino ndi luso la mainjiniya ochepa. Kupanga ya nambala 50 yofanana ndendende ndi yoyambayo kumafuna zikombole, ogulitsa zipangizo odalirika, antchito ophunzitsidwa ndi ndalama zochuluka zedi.

N'chifukwa chiyani injini ili pamwamba ndipo pulopela ili kumbuyo?

Chifukwa cha madzi. Ndege yokhala pamimba ili pafupi kwambiri ndi madzi, moti pulopela itakhala kumphuno ingamenye mafunde. Ngakhale madontho okha othovoka amadya nsonga za pulopela yozungulira mwaliwiro, ngati mchenga. Choncho injini anaikweza kuseri kwa mitu ya okwera, pulopela ya masamba atatu n'kumakankha ndege m'malo moikoka. Kamchira kopingasa nakonso anakaika pamwamba penipeni kuti katalikirane ndi madzi. Phindu lina n'lakuti kutsogolo kulibe chotchinga, okwera amaona bwino kwambiri.

Pali mtengo wake. Mphamvu yokankha ikakhala pamwamba chonchi, kuwonjezera moto kumafuna kuweramitsa mphuno ndipo kuchepetsa moto kumaidzutsa, mosiyana ndi zimene woyendetsa ndege wamba anazolowera. Opanga ndege za mimba ya boti amathera nthawi yaitali akusintha kakhalidwe ka injini ndi mchira kuti khalidweli lichepe.

Imatha bwanji kuzuka pamadzi? Madzi saigwira?

Amaigwira ndithu, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse. Madzi ndi olemera kuwirikiza pafupifupi 800 kuposa mpweya. Komanso madzi oyenda amamatirira pa chinthu chokhota. Yesani kunyumba: gwirani supuni mopepuka kumchira, muyandikize msana wake ku madzi otsika pampopi. Supuniyo imakokedwera m'madzimo. Mimba yosalala ya boti imakokedwera pansi chimodzimodzi, ndipo liwiro likamakwera kukokako kumakulanso. Ndege zoyambirira za mimba ya boti zinkangolima nyanja osanyamuka mpaka pamene anthu a Curtiss, cha m'ma 1912, anadula mimbayo n'kupanga sitepe.

Mukagwada n'kuyang'ana pansi pa A5 muiona: chapakati, kuseri pang'ono kwa pamene pali kulemera konse kwa ndege, mimba imadukiza mwadzidzidzi ndipo chigawo chakumbuyo chimayambira chapamwamba. Madzi akafika pamenepo amalephera kukhota, amangodutsa, mpweya n'kulowa kuseri kwake. Mbali yonse yakumbuyo imamasuka.

Wokhala m'katimo amaimva nkhaniyi m'thupi. Woyendetsa akapereka moto wonse, mphuno imadzuka mpaka tsidya la nyanja kubisika, madzi amathovokera m'mbali, ndege n'kumalemera ngati ngolo ili m'matope. Kenako imakwera pamwamba pa funde lake lomwe, mphuno n'kutsika, ndipo liwiro limabwera msanga. Tsopano ikutsetsereka pa kachigawo kakang'ono ka mimba pafupi ndi sitepe, timafunde tikugogoda pansi kuti pha pha pha mofulumira. Kugogodako kumapepuka, kenako zii. Mwanyamuka.

Pa kutsetsereka kumeneku mphuno iyenera kukhala pamalo ake enieni. Ikatsika kwambiri kapena kukwera kwambiri, ndege imayamba kudumphadumpha, ndipo kudumphako kumakula pakokha ngati woyendetsa sakudula msanga. Malo a sitepe, kuzama kwake ndi kupendekeka kwa mimba zimasankhidwa kuti mpata wa pakati pa zolakwa ziwirizi ukhale waukulu. Makompyuta amathandiza, koma mawu omaliza amachokera pa mayeso a pamadzi enieni.

Ikaima pamadzi sipendekeka n'kuviika phiko?

Mimba ya ndege ndi yopapatiza ndipo injini ili pamwamba, choncho payokha ikhoza kugwera mbali. Ndege zambiri za mtunduwu zimakhala ndi kachoyandama pansi pa phiko lililonse. A ICON anasankha njira ina: timapiko tiwiri tatifupi, tokhuthala, totuluka m'mbali mwa mimba pamene pamalekeza madzi. Amatitcha Seawings. Timachirikiza ndege, timatchinga madzi kuti asafike pa pulopela, matayala akuluakulu amabisika m'menemo, ndipo munthu amapondapo pokwera kapena kukhalapo miyendo ili m'madzi. Popeza mapiko enieni alibe cholendewera, kuwapinda n'kosavuta.

Pokhota pamadzi ndege ikuyenda pang'onopang'ono, pali kachiwongolero kakang'ono kumbuyo kamene kamatsitsidwa m'madzi ngati ka boti. Mabuleki pamadzi palibe. Injini ikangolira ndege imayenda, ikazima mphepo imaitenga, mphuno n'kuloza kumene mphepoyo ikuchokera.

Mawu oti A5 "sigwa mozungulira" akutanthauza chiyani?

Tiyambe ndi phiko. Mukatulutsa dzanja pawindo la minibasi n'kulipendeketsa pang'ono, mphepo imalikweza. Mukalipendeketsabe limakwera mwamphamvu, mpaka pofika pena pamene limangokankhidwira kumbuyo. Phiko nalonso lili ndi malire otere, nthawi zambiri pa madigiri 15 kapena kupitirirako pang'ono. Likadutsa pamenepo mpweya umaleka kutsatira msana wake ndipo mphamvu yonyamula imagwa. Oyendetsa ndege amati stall. Injini ikhoza kukhala ikulira bwinobwino. Vuto lili paphiko.

Choopsa chimadza phiko limodzi likafooka kuposa linzake. Lofookalo limagwa, ndege imatembenuka, mphuno imaloza pansi, n'kuyamba kutsika ikuzungulira ngati nguli. Imeneyi ndiyo spin. Kumwamba kwambiri wodziwa amaitulutsamo. Koma nthawi zambiri zimachitika pafupi ndi nthaka, munthu akukhota kuti atere, liwiro lachepa, maso ali pabwalo. Pamenepo mpata woitulutsira palibe, ndipo ngozi zotere zapha oyendetsa ndege zing'onozing'ono ambirimbiri.

Podziwa kuti ogula awo adzakhala achilendo pa ntchitoyi, a ICON anaganiza zopanga ndege yokana kulowa mu spin. Anatengera kafukufuku amene bungwe la NASA, lofufuza za ndege ndi zam'mlengalenga ku America, linachita m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Phiko analigawa pawiri: chigawo chakunsonga chili ndi mlomo wotulukira kutsogolo ndi woweramira pansi, ndipo pamene zigawo ziwirizi zakumana pali kodukiza koonekeratu ndi maso. Chigawo cha kufupi ndi thupi ndicho chimayamba kufooka, pamene chakunsonga, kumene kuli timapiko topendeketsera ndege, chikugwirabe mpweya. Woyendetsa akakokera ndodo yowongolera kumimba mpaka kumapeto, ndege imanjenjemera n'kumatsika, koma mapiko amakhala olingana ndipo imamverabe akaikhotetsa.

Mu 2012 kampani inalengeza kuti A5 yakwaniritsa muyezo wonse wa FAA wa kukana spin, womwe unalembedwera ndege zazikulupo ndipo sunkakakamizidwa pa ndege zopepuka. Kwa ine iyi ndiyo ntchito yamtengo wapatali pa ndege yonseyi, kuposa maonekedwe ake okongola. Koma mawuwa amveke bwino: imakana, sikuti n'zosatheka. Ndipo ndege imene yafooka phiko, ngakhale mapiko ali olingana, ikutsikabe.

Nanga nkhani ya chilolezo cha kulemera inali yotani?

Phiko lokana spin ndi lalikulupo, ndipo limafuna thupi ndi mchira zolimba. Zonsezi ndi makilogalamu. Onjezani matayala obisika, mimba yopirira kumenyedwa ndi mafunde, ndi mfundo zopindira mapiko: malire a makilogalamu 650 aja sanakwanenso. Mu 2012 kampani inapempha FAA kuti iilole kupitirira, ponena kuti kulemera kowonjezerako kukugula chitetezo. Mu Julaye 2013 FAA inavomera mpaka makilogalamu 762. Kampani sinagwiritse ntchito mpata wonsewo. Ndege zimene zinayamba kugulitsidwa zinali ndi malire a makilogalamu pafupifupi 685.

Nkhaniyi inaonetsa kufooka kwa lamulo la 2004. Malire a kulemera anaikidwa kuti ndege zikhale zosavuta, koma ankakakamiza opanga kusankha pakati pa chitetezo ndi katundu.

Ndiye imanyamula zolemera bwanji kwenikweni?

Yopanda kanthu imalemera makilogalamu 490. Kuchotsera pa malire oyamba aja a 685 kumatsala 195. Mafuta odzaza thanki ndi makilogalamu pafupifupi 55, choncho anthu awiri ndi zikwama zawo atsala ndi 140. Akuluakulu awiri a thupi ndithu ayenera kuchepetsa mafuta, ndipo ulendo wa makilomita 790 uja umafupika. Madzi olowa m'mimba mwa ndege nawonso ndi katundu, lita imodzi kilogalamu imodzi, n'chifukwa chake muli pampu yowapopera kunja ndipo woyendetsa amayang'ana asananyamuke.

Geji imene ili pamwamba pa mageji onse m'kati mwa A5 ndi yachiyani?

Imaonetsa kupendekeka kwa phiko poyerekeza ndi mpweya umene likukumana nawo, chinthu chenicheni chimene chimabweretsa stall (onani funso la kugwa mozungulira). Ndege zambiri zing'onozing'ono zimadalira geji ya liwiro. Vuto n'lakuti liwiro limene phiko limafookera limasintha. Pa A5 ndi makilomita 72 pa ola ikamauluka mowongoka timapiko ta kumbuyo kwa phiko titatsitsidwa, koma pokhota mwamphamvu limakwera kwambiri. Kupendekeka kumene phiko limafookera sikusintha. Oyendetsa ndege zankhondo akhala akudalira geji yotere kwa zaka zambiri, ndipo Hawkins anabwera nayo kuchokera kumeneko.

Anaijambula mosavuta: kachithunzi ka phiko kamene kamayenda pa mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira. Wophunzira safunika kuwerengera manambala. Kakayandikira pofiira, akankhire ndodo kutsogolo.

Mapiko amapindikadi? Sizifooketsa ndege?

Amapindika. Munthu amamasula loko, amakoka phiko kunsonga, amalitembenuza n'kuligoneka m'mbali mwa thupi kuloza kumchira. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Akatero ndege imakwera pa kalavani yake n'kukokedwa ndi galimoto, kukaisunga kunyumba m'malo molipira shedi ya pabwalo la ndege. Poyamba kampani inkalonjeza mapiko odzipinda okha ndi makina, koma zogulitsidwa zinatuluka ndi opinda pamanja. Ndikuona kuti anachita bwino, poti makina amenewo akanadya makilogalamu amene tawerenga pamwambapa.

Mfundo yopindira imapangidwa kuti isenze katundu yense amene phiko losapinda likanasenza, ndipo mtengo wake ndi kulemera. Chofunika kuopa si kuthyoka kwa mfundoyo koma munthu kuiwala kutseka loko, choncho kuona maloko ndi gawo la kuyendera ndege musananyamuke.

Inapangidwa ndi chiyani, ndipo madzi amchere saiwononga?

Thupi ndi mapiko ndi za carbon fibre, ulusi wolimba woumbidwa ndi guluu wapadera m'zikombole. Ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ndipo imalola kuumba mimba yokhotakhota popanda misomali yambirimbiri imene madzi angalowerepo. Koma injini, matayala, mabawuti ndi mawaya ndi zachitsulo, ndipo mchere umazidya. Ndege imene yatera panyanja yamchere imatsukidwa ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Vuto lina la carbon fibre n'lakuti ikagunda mwala kapena chitsa ikhoza kuwonongeka m'kati kunja kukuoneka bwino, ndipo kuikonza kumafuna wodziwa ntchitoyo.

Cholakwa choopsa kwambiri pa ndege yotera konsekonse n'chiti?

Kutera pamadzi matayala ali panja. Kulakwitsa mbali inayo, kutera pabwalo matayala ali m'kati, kumakanda mimba ndi kuchititsa manyazi, koma kawirikawiri anthu amatuluka amoyo. Pamadzi n'zosiyana. Matayala akangokhudza, madzi amawagwira nthawi yomweyo, mphuno imamira, ndipo ndege ikhoza kugadabuzika m'kuphethira kwa diso, okwera n'kupezeka mitu ili pansi m'madzi, atamangidwa malamba. Woyendetsa amene anaphunzira pamtunda anazolowera kuti kutera kulikonse n'kutsitsa matayala, ndipo chizolowezi chimenecho ndicho chimamupereka. Aphunzitsi amamuuza kuti azinena mokweza asanatere: ndikutera pamadzi, matayala ali m'kati. Kenako ayang'ane ndi maso.

Chachiwiri chimadabwitsa ambiri: madzi abata. Nyanja ikadekha ngati galasi, maso satha kudziwa pamene pali madzi. Munthu amaona mitambo pansi pake n'kuganiza kuti akadali m'mwamba. Njira yake ndi kusadalira maso: kuika mphuno pamalo oyenera, kusiya moto pang'ono, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mimba itakhudza yokha.

Ili ndi parachuti?

Inde, ya ndege yonse osati ya munthu. Woyendetsa akakoka chogwirira, karoketi kamaitulutsa ndipo ndege imatsika ili lende ndi anthu ake m'kati. Pa ndege zolembetsedwa ku America parachutiyi inakhala yokakamiza chifukwa cha chilolezo cha kulemera chija. Imafuna mpata kuti itambasuke, choncho pafupi kwambiri ndi madzi kapena nthaka sithandiza.

Ngati ndi yotetezeka chonchi, bwanji anthu anafa nayo mu 2017?

Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake ndi lopweteka. Pa 8 Meyi 2017 Jon Karkow, injiniya wamkulu uja, anafa pamodzi ndi wantchito mnzake watsopano pa nyanja ya Berryessa ku California. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti ankauluka motsika, analowa molakwitsa m'chigwa chopanda potulukira chozingidwa ndi mapiri, ndipo poyesa kubwerera anawomba phiri. Ndegeyo sanaipeze ndi vuto. Uyu anali munthu woidziwa A5 kuposa wina aliyense.

Pa 7 Novembala chaka chomwecho Roy Halladay, katswiri wotchuka wa masewera a baseball amene anali atapuma, anafa A5 yake itagwera m'nyanja kufupi ndi gombe la Florida. NTSB inapeza kuti ankaitembenuza mwamphamvu pafupi kwambiri ndi madzi, ndiponso kuti m'thupi mwake munali mankhwala angapo osokoneza kaganizidwe.

Ngozi ziwirizi sizinali za spin imene phiko lija linapangidwira kuletsa. Zinali za kuuluka motsika, kumene phiko labwino ndi parachuti zilibe nthawi yogwira ntchito. Anthu ambiri odziwa za ndege anadzudzula makanema otsatsa malonda a kampaniyi, oonetsa A5 ikuuluka mokhudza madzi ndi kukhota pakati pa zitunda, pamene ogula ake ambiri anali atsopano. Ndikugwirizana nawo. Simungauze munthu kuti ndegeyi ndi yosavuta ngati boti lothamanga, n'kumuonetsa kaulukidwe kamene kamafuna luso la zaka zambiri, kenako n'kudabwa akatengera. Chaka chomwecho kampani inatulutsa malangizo a kuuluka motsika, olimbikitsa kuti munthu asamatembenuze ndege mwamphamvu ali pansi pa mamita pafupifupi 90.

Imagulidwa ndalama zingati, ndipo kampaniyo ikadalipo?

Mu 2008 ankati idzagulitsidwa madola 139,000. Pofika 2013 mtengo unali 189,000, ndipo ya mu 2018 yokhala ndi zonse inafika pa 389,000. Anthu oposa 1,800 anali atapereka chikole, koma ambiri anabwerera m'mbuyo. Mu 2016 munabukanso mkangano pa pangano logulira la masamba pafupifupi 40, limene linkamanga wogula pa za maphunziro, kakonzedwe ka ndege ndi ufulu wosumira kampani. Anthu atakwiya, kampani inalifewetsa. Chaka chomwecho inatsitsa chiwerengero cha ndege zoti ipange kuchoka pa 175 kufika pa 20, n'kuganiza zomapangira zigawo za carbon fibre ku Tijuana m'dziko la Mexico, pamene fakitale yake inali ku Vacaville, California. Ndege ya nambala 100 inatuluka mu 2019.

Mu Disembala 2023 FAA inapatsa A5 chiphaso chokwanira cha mtundu wa ndege, chothandiza kuigulitsa m'maiko ena. Koma ngongole zinali zitachuluka, ndipo mu Epulo 2024 kampani inapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa oikongoza. Katundu wake anagulidwa ndi SG Investment America, yogwirizana ndi ShangGong Group ya ku Shanghai, kampani yodziwika ndi makina osokera zovala, pa mtengo wosakwana madola 16 miliyoni.

A5 si yokhayo ya mtunduwu. SeaRey ya ku Florida, imene inauluka koyamba mu 1992, ndi Super Petrel ya ku Brazil zimagwira ntchito yofanana pa mtengo wotsikirapo.

Ingagwire ntchito pa nyanja ya Malawi?

Nyanjayi inalandirapo kale ndege za mimba ya boti. Mu 1949 ndi 1950 ndege za Short Solent za kampani ya BOAC zinkatera ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku Vaal Dam pafupi ndi Johannesburg. Koma zimenezo zinali zimphona za injini zinayi, zolemera matani oposa 30. A5 sifika ngakhale tani imodzi.

Mtunda si vuto, poti mafuta ake akhoza kukwana kuchoka ku Mangochi kukafika ku Karonga. Madzi athu ndi opanda mchere, zimene n'zabwino kwa zitsulo. Vuto ndi mafunde. Kandege kotere kamafuna mafunde osafika m'maondo, ndipo aliyense amene anakhalapo kunyanja m'miyezi ya mwera akudziwa kuti mafunde ake amavutitsa ndi Ilala yomwe. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja zamchere, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kumapepula mpweya, moti injini ndi phiko zonse zimafooka ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Onjezani maukonde, mabwato a asodzi amene saoneka msanga kuchokera m'mwamba, ndi mvuu za ku Malombe ndi mumtsinje wa Shire. Pamafunikanso chilolezo cha akuluakulu oona za maulendo apandege, ndi cha oyang'anira malo otetezedwa ngati Cape Maclear.

Malo ake enieni angakhale magombe obisika ku mphepo, ngati Monkey Bay, ndipo nthawi yake ndi m'mawa mphepo isanadzuke. Koma m'mawa momwemo ndi pamene nyanja imagona ngati galasi, choncho woyendetsa ayenera kukhala ataphunzira bwino kateredwe ka pamadzi abata kamene tafotokoza pa funso la zolakwa zoopsa.